Usiku umene sikirini idada ku Orange Farm

Ku Orange Farm kumacha msanga. Tambala asanalire kachiwiri, matekisi amakhala atayamba kale kuliza mahutala m'mbali mwa Golden Highway, kunyamula anthu opita kukagwira ntchito ku Johannesburg, mtunda wopitirira makilomita 40 chakumpoto. Malowa adayamba mu 1988 ngati pofikira anthu amene adachotsedwa ntchito m'mafamu. Lero kuli nyumba za njerwa, tinyumba ta malata, matchalitchi osawerengeka, wailesi ya Thetha FM, ndi msika waukulu wa Eyethu umene udatsegulidwa mu 2014 pafupi ndi siteshoni ya Stretford. Dzuwa likakwera, otsala pamudzi amakhala agogo, ana a sukulu ndi achinyamata osaka ntchito. Osaka ntchitowo ndiwo ankadyetsa bambo wina wa ku Ntcheu, mwini wa kontena yobiriwira imene ili m'mbali mwa msewu wina wafumbi kumeneko.

M'kontenamo mudali makompyuta atatu, pirinta imodzi, mipando isanu ya pulasitiki, ndi kope lachikuto chofiira lolembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. M'mawa kunkabwera ofuna kulemberedwa ma CV, osindikiza makalata, ojambulitsa ziphaso, ndiponso makolo olembetsa ana malo a Giredi 1 ndi Giredi 8, popeza m'chigawo cha Gauteng zimenezo zimachitikira pa intaneti. Sukulu zikaweruka munkadzaza ana. Ankalipira R5 kuti asewere theka la ola pa kompyuta yachitatu, yaikulu ija, imene yokha idali ndi khadi la zithunzi. Tindalama ta anato tinkaoneka tosanunkha kanthu, koma mwezi ukatha ndito tinkalipira lendi ya malo a kontenayo. Anthu a m'deralo, Azulu ndi Asutu omwe, ankawatcha bambowo malume, monga amatchulira munthu wamkulu aliyense amene adazolowerana naye. Mmodzi yekha ndiye ankawatchula choncho chifukwa cha magazi.

Ameneyo adali mwana wa mlongo wawo, mnyamata amene adafika mu 2023 atalemba mayeso a MSCE n'kusowa kolowera. Adakwera basi yodzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, atanyamula chikwama chimodzi ndi mawu a amayi ake akuti akamvere amalume. Malume ndiye mwinimbumba. Mwana wa mlongo akasowa pogwira, udindo umagwera iwo, ngakhale ali kutali chotani. Adampatsa ntchito yosesa, yosunga chenji, ndi yodzutsa ana pampando nthawi yawo ikatha. Miyezi itatu isanathe zidadziwika kuti mnyamatayo adali ndi mutu wa makina. Lamlungu masana ankamasula makompyuta aja, kuchotsa fumbi ndi burashi ya penti, kenaka n'kumawerenga pa foni mpaka pakati pa usiku kuti adziwe ntchito ya kachipangizo kalikonse kamene wakaona m'katimo.

Makompyuta onse atatu adagulidwa atagwira kale ntchito m'maofesi. Adali ndi mapurosesa a Intel a m'badwo wachinayi, a cha m'ma 2013, ndipo ankayendera Windows 10. Chapakati pa 2025 uthenga udayamba kumatulukira pa sikirini, wakuti kampani ya Microsoft idzasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October chaka chomwecho. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, motero makina a m'kontenamo adalibe mwayi. Amalume adafunsa tanthauzo la uthengawo, ndipo apa ndi pamene mnyamatayo adalakwa koyamba. Adayankha kuti tsikulo likadzakwana makompyutawo adzafa. Ankadziwa bwino kuti si momwemo. Chimene chinkadzatha ndi zigamba zachitetezo zimene kampaniyo imatumiza mwezi ndi mwezi, koma makinawo adzayakabe monga kale. Adanena choncho chifukwa kwa miyezi yambiri mtima wake udali pa Linux, ndipo ankawadziwa amalume ake kuti sakhudza chinthu chimene chikuyenda.

Linux ndi pulogalamu yoyendetsera kompyuta, monga momwe ilili Windows, koma yosiyana nayo pa chinthu chimodzi chachikulu: malemba onse amene idapangidwa nawo ali poyera, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwakonza ndi kugawira ena. Adaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991, ali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo kuyambira pamenepo anthu zikwizikwi akhala akusenzerana dengalo. Amalume adafunsa mtengo wake. Atamva kuti ndi yaulere adaseka, nati chaulere cha ku Joni chimakhala ndi mwini wake atabisala kuseri kwa chitseko. Mnyamatayo adawafotokozera za Ubuntu, mtundu wina wa Linux umene udatuluka mu October 2004, wokhazikitsidwa ndi Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku Welkom konkuno ku South Africa.

"Ndiye ukuti mzungu wa ku Welkom adatcha pulogalamu yake umunthu?"

"Inde, amalume."

"Nanga iyeyo amadya chiyani?"

Mnyamatayo adayankha kuti kampani yake ya Canonical imalipiritsa makampani akuluakulu powasamalirira makina awo, ndiponso kuti mwini wakeyo adalemera kale atagulitsa kampani yake ya Thawte mu 1999, mpaka adadzilipirira ulendo wa kumlengalenga mu 2002. Amalume adakhala chete pang'ono. Adali atakhala m'dzikomo nthawi yaitali, ndipo ankakumbukira May wa 2008, pamene anthu oposa 60 adaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo. Liwu lakuti ubuntu adali atalimva m'milomo yambiri osaliona m'manja. Komabe adati munthu amene adakafika kumwamba ndi ndalama za m'thumba mwake angathedi kugawa zinthu zaulere. Adamulola, koma adanenetsa kuti Lolemba m'mawa pirinta ikhale ikusindikiza.

Ntchitoyo idachitika Loweruka lina usiku, m'mwezi wa September. Mnyamatayo adasankha Linux Mint 22, imene imamangidwa pamwamba pa Ubuntu koma maonekedwe ake ngofanana ndi Windows, kuti amalume asasokonezeke posaka pobanira. Makompyuta awiri a ma CV sadavute mpang'ono pomwe. Pirinta idadziwika yokha atangolumikiza waya. M'malo mwa Word mudali LibreOffice, ndipo vuto lokhalo lidali lakuti ma CV obwera ndi zilembo za Calibri ankasokonekera mizere, mpaka mnyamatayo adaikamo zilembo za Carlito, zimene zidapangidwa dala kuti zizilingana kukula ndi za Calibri. Padalinso phindu limene amalume adaliona okha m'masabata otsatira. Kavairasi kaja kamene kamayenda m'mafulashi a makasitomala, kobisa mafayilo n'kusiya zithunzithunzi zake zabodza, kadasowa pogwira. Munthu ankabwera akulira kuti CV yake yasowa, fulashi n'kulowetsedwa, mafayilo onse n'kuonekera poyera.

Kompyuta yachitatu ndiyo idabala nkhani. Khadi la zithunzi ndi kabolodi kokhala ndi purosesa yakeyake, kamene ntchito yake ndi kujambula zimene zikuoneka pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Koma khadi palokha ndi chitsulo chogontha. Limafuna kapulogalamu kotchedwa dalaivala, ndipo dzinali ndi loyenera, pakuti monga minibasi yatsopano singachoke pa depoti popanda munthu wodziwa magiya ake, khadinso silingathamange popanda wodziwa chilankhulo chake. Apa makampani atatu opanga makhadi adatenga njira zosiyana. Intel ndi AMD amalemba madalaivala awo poyera, ndipo madalaivalawo amabwera ali kale m'kati mwa Linux. Wa AMD, wotchedwa amdgpu, adalowamo mu 2015. Nvidia kwa zaka zambiri idasunga wake ngati chinsinsi cha pabanja, woti munthu akamtenge payekha n'kumumatika. Anthu odzipereka adayesa kulemba wina waulere, wotchedwa Nouveau, pochita kufufuza okha mmene makhadiwo amagwirira ntchito, ngati munthu wophunzira chilankhulo pomvetsera kuseri kwa mpanda. Mkangano umenewu udafika poti mu 2012, pa yunivesite ya Aalto, Torvalds adatcha Nvidia kampani yovuta kuposa ina iliyonse imene adagwirapo nayo ntchito, natukula chala chachipongwe pamaso pa kamera. Mu May 2022 Nvidia idatsegula gawo lina la dalaivala wake, koma la makhadi atsopano okha, kuyambira a GTX 16 ndi RTX 20.

Khadi la m'kontenamo lidali GeForce GTX 660, la mu 2012, la banja limene amalitcha Kepler. Linux Mint itangolowa, Nouveau adaonetsa chithunzi bwinobwino, koma ankayendetsa khadilo pa liwiro lotsikitsitsa, ndipo gemu iliyonse inkakwawa ngati birimankhwe. Mint ili ndi kapulogalamu kosankhira dalaivala, ndipo kadaloza nambala 470. Mnyamatayo adaiona nambalayo kuti ndi yakale. Adaganiza kuti yaikulu ndiyo yabwino, nakatenga pa intaneti dalaivala watsopano kwambiri, osawerenga mndandanda wa makhadi amene dalaivalayo amawadziwa. Akadawerenga akadapeza kuti 470 ndiye womaliza kudziwa banja la Kepler, ndipo onse obwera pambuyo pake adaliiwala. Safunsa adadya phula. Adazimitsa makina, nayatsanso. Fani idalira, kanyali kobiriwira kadayaka, koma sikirini idangoti bii, kupatula kamzere koyera kothwanima pakona yakumanzere.

Nthawi idali itadutsa 1 koloko. Kunja agalu ankauwa, ndipo kutali kunkamveka nyimbo za pamalo omwera mowa. Mnyamatayo adakhala pampando wa pulasitiki, manja ali m'masaya, akuwerengera mtengo wa khadi limene ankakhulupirira kuti walipsereza. Adakumbukira amayi ake pa depoti ya basi. Adakumbukiranso kuti munthu wokhala kwa eni ake, amene malo ogona ndi nsima yomwe zikuchokera m'dzanja limodzi, alibe kothawira akawononga chodyera cha dzanjalo. Foni yake idali ndi moto wochepa. Adawerenga zolemba za anthu achilendo a m'mayiko akutali amene adagwapo m'dzenje lomwelo zaka zapitazo, mpaka adapeza kuti kudina Ctrl, Alt ndi F2 pamodzi kumatsegula khomo lakumbuyo, lopanda zithunzi, la malemba okhaokha. Khomolo lidatseguka. Kompyutayo idali yamoyo, idangosowa pakamwa. Adachotsa dalaivala wolakwikayo polemba malamulo mmodzimmodzi, zala zikunjenjemera, naika 470. Chithunzi chidabwerera matekisi oyamba akuyamba kuliza mahutala. Za usiku umenewo sadauze munthu.

Koma kubwerera kwa chithunzi sikudali kutha kwa mavuto. Magemu ambiri a pa kompyuta amalembedwera Windows, ndipo amalankhula ndi khadi m'chilankhulo cha Microsoft chotchedwa DirectX. Kuti ayende pa Linux pamafunika womasulira. Ntchito imeneyi idayamba mu 1993 ndi pulogalamu ya Wine, koma idakhwima mu August 2018, pamene kampani ya Valve, eni ake a sitolo ya magemu ya Steam, idatulutsa Proton. M'kati mwa Proton muli DXVK, imene adaiyamba ndi Philip Rebohle wa ku Germany, ndipo imatembenuza malamulo a DirectX kukhala a Vulkan, chilankhulo chimene Linux imachimva. Chovuta n'chakuti kuyambira kumapeto kwa 2022 DXVK imafuna Vulkan 1.3, pamene khadi la Kepler pa dalaivala 470 limalekezera pa 1.2. Kusiyana kwa kadontho kamodzi kumeneko kudali kokwanira kuti gemu iziti ikadinidwa, ingophethira n'kutseka. Mnyamatayo adazindikira kuti akasankha Proton yakale, ya nambala 7, magemu ena ankalola. Ena ankakana ndithu.

Ndipo padali imodzi imene sakadaichiritsa ndi nzeru iliyonse. Anyamata okulirapo ankabwerera Fortnite, imene pa Windows inkayenda mokakamiza koma inkayenda. Fortnite ili ndi mlonda woletsa kubera, kapulogalamu kofuna kulowa m'kati mwenimweni mwa makina kuti kaone ngati wosewera akuchita chinyengo, ndipo eni ake, a Epic Games, sadalole kuti iziseweredwa pa Linux. Mkulu wawo Tim Sweeney adanena poyera mu 2022 kuti sakhulupirira kuti angathe kuletsa obera kumeneko. Momwemonso Valorant, ndi magemu a mpira a EA kuyambira FIFA 23. Pamenepa dalaivala alibe mlandu, khadi lilibenso mlandu. Chitseko chidatsekedwa dala ndi mwini nyumba. Lolemba loyamba anyamatawo adafunsa, nauzidwa kuti abwere mawa. Lachitatu adafunsanso. Pofika Lachisanu adali atapeza malo ena chakumtunda, ndipo adatenga ndi ang'ono awo omwe. M'kope lofiira, mzere wa masana udayamba kufupika.

Amalume sadalankhule. Ankangoyang'ana kopelo madzulo, n'kulitseka. Ankakhulupirira kuti zimenezi ndi mtengo wopulumutsira makina ku imfa ya pa 14 October, ndipo munthu sakangana ndi mankhwala chifukwa chowawa. Tsikulo lidafika, lidapita. Pa 15 m'mawa adapita kukagula mapepala kwa mnzawo wa bizinesi yomweyo, ndipo adapeza makompyuta ake a Windows 10 akuyaka, ana atazinga imodzi, Fortnite ikulira. Adagula mapepala awo, nabwerera wapansi. Adadikira mpaka kasitomala womaliza atatuluka, natseka chitseko cha kontena.

"Mphwanga, makompyuta a uje sadafe."

"Sadafe, amalume."

"Unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Sadakweze mawu, ndipo n'chimene chidamupweteka kwambiri mnyamatayo. Adati iwo kuwerenga Chingerezi cha makina sadziwa, ndipo pa zinthu zimenezo maso awo ndi iyeyo. Tsono munthu amene maso ake ayamba kumunamiza ayenda bwanji? Adati akadanena zoona, kuti akufuna kuyesa chinthu chimene wachikonda, mwina akadampatsa kompyuta imodzi. Mnyamatayo adapepesa atagwada, ndipo pamene adayamba kuulula adaulula zonse, ndi za usiku wa sikirini yakuda zomwe.

M'mawa mwake amalume adamuitana, kope lili pamwendo. Adamufunsa mafunso atatu, namuchenjeza kuti ayankhe ngati ali pabwalo la mfumu. Kodi Windows ingabwerere? Adati inde, tsiku limodzi lokha likwanira. Kodi ili ndi ngozi yanji? Adati lero ilibe, ndipo pali njira yowonjezera zigamba zachitetezo mpaka October 2026, koma pambuyo pake kompyuta imene ana amatsitsirapo chilichonse idzakhala nyumba yopanda loko. Nanga khadi lina lingachiritse chiyani? Adati la AMD lingatsegule magemu ambiri amene akukana, koma Fortnite ayi, ngakhale atagula khadi la golide. Amalume adatembenuza masamba kubwerera ku miyezi ya m'mbuyo. Adamuonetsa chinthu chimene iye sadachiganizepo: mzere wa data. Fortnite inkabweretsa ana, koma masabata angapo alionse inkafuna kutsitsa zowonjezera zikuluzikulu, ndipo mwezi wa September ndi October ndalama ya data idali itatsika moonekeratu. Phindu lake lenileni lidali locheperapo kusiyana ndi phokoso lake. Lidalipo ndithu, ndipo lendi ya October idaperewera, koma dzenjelo silidali lakuya monga ankaopera. Za makompyuta awiri a ma CV adagamula okha kuti atsale momwemo, popeza mwezi wathunthu udatha popanda munthu kulira fulashi.

"Yachitatuyi udaiyamba ndiwe," adatero. "Walira mvula walira matope. Uimalize."

Ndalama ya khadi idalibe kochokera kwina koma m'envelopu ya feteleza. Chaka chilichonse, kumapeto kwa October, amalume ankatumiza kudzera pa Mukuru ndalama yoti mlongo wawo agulire feteleza mvula isanagwe, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kuchedwa kwa masabata awiri kumatha kusintha mtengo wa thumba. Adatapamo R1,200. Kenaka adampatsa foni yawo, nati awaimbire yekha amayi ake, awauze kuti ndalama ibwera yoperewera, ndiponso awauze chifukwa chake. Mnyamatayo adatuluka nayo foniyo kuseri kwa kontena. Amayi ake sadamve za Vulkan ngakhale za dalaivala. Adangofunsa ngati amalume akwiya, ndipo atamva kuti akwiya koma sadamuthamangitse, adati munda wakumtunda udikira, ayamba ndi wakudimba.

Khadilo adalipeza pa Facebook, kwa munthu wina wa m'tauni: Radeon RX 570, la mu 2017. Makhadi amenewa ali ndi mbiri yawo. Kwa zaka zingapo anthu ankawagula ambirimbiri, kuwandandalika pa mashelefu n'kumawayendetsa usana ndi usiku pokumba ndalama ya pa intaneti ya Ethereum. Pa 15 September 2022 Ethereum idasintha kachitidwe kake n'kusiya kufuna makhadi, ndipo okumbawo adawakhuthulira pa msika wa zakale pa mitengo yotsika. Limeneli lidali limodzi mwa iwo. Pamwamba lidali lopukutidwa bwino, koma mnyamatayo atasuzumira m'kati mwa mafani adaona fumbi louma ngati dothi la pachulu. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsayo adanena chilungamo kuti mtengo wake ngotsika chifukwa okumba aja adasintha kapulogalamu ka m'kati mwa khadilo, ndipo dalaivala wa pa Windows amalikana pokhapokha munthu atachita zina ndi zina. Mnyamatayo adali atawerenga kuti dalaivala wa pa Linux safunsa chiphaso chimenecho. Adalikulunga m'juzi, nalikumbatira njira yonse ya Golden Highway ngati wanyamula khanda.

Adachotsa dalaivala wa Nvidia poyamba, mosamala tsopano, atawerenga kawiri. Adazula khadi lakale, nazika latsopano, nalumikiza waya wamagetsi wa mabowo asanu ndi limodzi womwe uja. Amalume adaimirira kumbuyo kwake, manja ali kumsana. Adayatsa. Chithunzi chidabwera chokha, chowala, popanda kutsitsa kanthu kapena kulemba lamulo lililonse. Amalume adafunsa ngati ntchito yathera pomwepo, ndipo adaoneka ngati akhumudwa pang'ono kuti chinthu cha R1,200 chalowa mwakachetechete chotero.

Kufewa kumeneko kuli ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chili kutali ndi Orange Farm. Mu February 2022 Valve idatulutsa Steam Deck, kakompyuta ka magemu kogwira m'manja, koyendera Linux ndi chipangizo cha AMD. Kuti kagulidwe, padafunika kuti magemu a Windows aziyendapo bwino, choncho kampaniyo yakhala ikulipira akatswiri okonza Proton, DXVK, ndi dalaivala wa Vulkan wa makhadi a AMD wotchedwa RADV. Sikuti idachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Inkasamala malonda ake. Koma popeza ntchitoyo imachitikira poyera, chimene chakonzedwera kamakina kodula ka mwana wa ku Seattle chimafikanso, popanda kulipira, pa khadi lotopa la m'kontena ya ku Orange Farm. Khadi la Nvidia lija lidakalamba tsiku limene eni ake adaleka kulilembera dalaivala. La AMD lidzakalamba pamene munthu womaliza wolisamala adzatope, ndipo tsikulo silidafike.

Magemu ankawatsitsa usiku, pa data yotchipa ya pakati pa usiku, imodzi pa masiku awiri kapena atatu, akupemphera kuti magetsi asazime, pakuti ngakhale kuzimazima kwa dziko lonse kudachepa kuyambira March 2024, m'malokeshoni ambiri amawachotsabe m'mawa ndi madzulo pofuna kupeputsa mathiransifoma. Dota 2 ndi Counter-Strike 2, zimene ndi zaulere ndipo zili ndi mtundu wawo wa Linux, zidalowa. Yachiwiriyo inkafuna kutsitsa zokongoletsa zonse kuti purosesa yakale ija ipume. Gemu yakale ya mpira imene inkakana pa khadi loyamba idayenda. Koma chimene chidabweza ana ang'onoang'ono sichidali chimodzi mwa zimenezi. Idali SuperTuxKart, gemu yaulere ya timagalimoto toyendetsedwa ndi tinyama, imene mnyamatayo adaiika mongoseweretsa. Imalola ana angapo kupikisana pa sikirini imodzi yogawidwa. Amalume adaona ana anayi atapanikizana pa mipando iwiri akukuwa, adawerengera m'mutu, nalengeza kuti kuyambira tsiku limenelo mpikisano ndi R2 aliyense.

Anyamata a Fortnite sadabwerere, kupatula awiri amene adakodwa ndi Counter-Strike. Mzere wa masana m'kope udakwera, koma sudafike pamene udali mu August. Khadilo nalo lili ndi nthenda yake: masana otentha a December, kontena ikasanduka uvuni, chithunzi chimauma pakati pa mpikisano, ndipo pamafunika kutsegula chitseko chonse, kuchotsa chivundikiro cha kompyuta, n'kulozetsako fani ya patebulo. Ana adazolowera, akaona chithunzi chaima, mmodzi amathamangira fani asanauzidwe.

Ndalama yotsala ya feteleza idatumizidwa pakati pa November. Uthenga wa mawu udabwera kuchokera ku Ntcheu Lamlungu lotsatira, mvula ikumveka pa malata kumbuyo kwake. Amayiwo adati thumba adalipeza litakwera, adagula lochepera, ndipo chimanga cha kumtunda achithira mochedwa koma chamera. Adapereka moni kwa achimwene awo, nafunsa ngati makina aja achira. Amalume adaumvetsera kawiri uthengawo. Kenaka adatsegula kope lofiira kumasamba akumapeto, kumene amalemba ngongole, pamene padali mzere wakuti khadi, R1,200, ndi dzina la mphwawo pambali. Mnyamatayo adatulutsa R300 ya malipiro ake a sabata, naiika patebulo ndi manja awiri. Amalume adaiwerenga, nalemba, nachotsera, namuuza kuti akatseke mawindo chifukwa kumwera kwayamba kuda.